A Makutu ndi Tebo ya Mkamwini

Dzina loti Makutu sanabadwe nalo. Analipeza pa garaja zaka makumi atatu zapitazo chifukwa cha kagwiridwe kawo ka ntchito. Amakaniko anzawo ankamasula injini yonse pofunafuna vuto, koma iwo ankangotenga sikuludiraiva yaitali, nsonga pa injini, chogwirira pakhutu, n'kutsinzina. Kenako umangomva, “Vavu yachitatu iyo.” Kumasula, ndithu, vavu yachitatu! Anali munthu wovuta, wosaseka pa ntchito, ndipo timakina toyezera injini timene anzawo anayamba kugula ankatinyoza poyera. “Makaniko wofunsa kompyuta ndi kalaliki,” ankatero.

Chimene sankauza munthu n'chakuti makutuwo anali kupita. Linayamba ndi lamanzere, kulira usana wonse ngati muli nkhululu, kenako lamanja linatsatira. Zaka zonse zija zogogoda zitsulo m'shedi ya malata zinali zitawadya. Anaphunzira kuyang'ana milomo, kugwedeza mutu, ndi kukalipa msanga munthu asanabwereze funso. Akazi awo ankadziwa, koma ankangokweza mawu osatchula kanthu. Mantha a bambowa anali amodzi basi: tsiku limene anthu adzadziwe, garaja yatha. Ndani angasiye galimoto yake kwa Makutu wosamva?

Ndiye Loweruka lina kunatulukira mkamwini wawo, mwamuna wa mwana wawo woyamba, ndi kagalimoto kake kofiira ka zitseko ziwiri. Pampando wakumbuyo panali katoni. Munali tebo, chitsulo chopindika ngati nkhono chimene chimakankhira mpweya wambiri mu injini kuti kagalimoto kazikoka ngati yaikulu, pamodzi ndi mapaipi ake ndi timabauti m'mapepala.

“Bambo, anzanga akuti ndipite nayo kwa a makompyuta,” anatero mkamwiniyo, chipewa chili m'manja. “Ine ndati ayi, katswiri tili naye pakhomo.”

Apa mpamene a Makutu akanakana. Ankadziwa bwino lomwe kuti kumanga tebo si nkhani, nkhani ndi kuichuna. Mpweya ukachuluka petulo n'kuchepa, injini imayamba kugogoda mkati pokwera mtunda, kaphokoso kakang'ono ngati timiyala m'chitini, ndipo ukapanda kukamva pisitoni imapsa. Koma kunena kwa mkamwini kuti sindingathe? Aa, bola kufa.

Ntchito ya manja anaigwira bwino, tisawanamizire. Anachotsa paipi yakale ya utsi, anamanga tebo, anaboola pansi pa injini kuti oyilo azibwerera, bauti iliyonse n'kuibwereza kawiri. Lachisanu anakwera atatu, iwo pachiwongolero, mkamwini pambali, mwana wawo uja, mkazi wa mkamwiniyo, kumbuyo, kukayesa pa mtunda wa kuseri kwa fakitale. Kagalimoto kanauluka, mkamwini mano onse pamtunda.

Ali pakati pa mtundawo mwana wawo anawagwira paphewa n'kukweza mawu. “Ababa, kukumveka kanthu kutsogoloko. Kakuti tiki-tiki-tiki.”

A Makutu anatchera khutu, koma munali nkhululu yokhayokha.

“Iwe umakaniko unauphunzira liti?” anakalipa. “Ndi chitsulo cha mpando icho.”

Atabwerera ku garaja a Makutu anatenga sikuludiraiva yawo, anaika pa injini, anatsinzina nthawi yaitali monga mwa masiku onse. Anamva kunjenjemera m'dzanja, m'khutu ayi. Anatseka boneti n'kunena kuti ili bwino. Manyazi ndi oipa, abale.

Sipanathe milungu iwiri. Kagalimoto kanabwera masana dzuwa likuswa mtengo, kakukokedwa ndi lole pa chingwe, oyilo akudontha njira yonse. Kanafera pa mtunda pakati pa magalimoto, utsi uli tolo, mkamwini akupita kuntchito. Amakaniko a mashedi oyandikana anasiya ntchito zawo kudzaonerera, paja tsoka la mnzako silisowa mboni.

A Makutu anamasula mutu wa injini. Pisitoni yachiwiri inali ndi bowo loti chala chachikulu n'kulowa, m'mbali mwake mutasungunuka. Sipanafunike kufunsa munthu chimene chinachitika.

“Atigulitsa chinyengo anthu aja,” anatero mkamwini mokweza, nkhope itagwa. “Musadandaule bambo, si inu. Ndi tebo yawoyi.”

Amakaniko aja anavomerezana naye, wina akuti zinthu za masiku ano n'zosalimba, wina akupukusa mutu. Njira yothawira inali apo, yotseguka, ndipo palibe akanawatsutsa. Koma mwana wawo anali ataima pakhomo la shedi, manja atapinda, akuwayang'ana. Sanali wokwiya. Ankawamvera chisoni, ndipo chimenecho ndicho chinawapweteka kwambiri.

A Makutu anapukuta manja pa kansanza pang'onopang'ono.

“Tebo ilibe mlandu,” anatero. “Injini inagogoda, mwanayu anandiuza. Ine sindinamve. Papita zaka ziwiri ndisakumva bwino, ndipo injini sindiimvanso n'komwe.”

Amakaniko aja anayamba kuchoka mmodzimmodzi, aliyense ndi nkhani yokauza makasitomala. Mkamwini anawerama n'kuyankha motsitsa mawu, mwaulemu, monga ayenera kuyankhira apongozi. Analankhula nthawi yaitali ndithu, maso ali pansi, milomo yosaoneka. Kaya anawakhululukira, kaya anawadandaulira, a Makutu sanamve ngakhale liwu limodzi.