Ufa wa Chinangwa ndi Maluwa a Ndimu

Mkazi wanga anabwerera patatha chaka ndi miyezi inayi chimugwirireni anthu a mfuti, amene anamupeza kumunda n'kumusenzetsa katundu wawo. Nthawi imeneyo tinali titathawa kwathu ku Mongue, tikukhala m'zisakasa kunja kwa tawuni ya Milange, pafupi ndi malire. Ansembe anamupempherera, akuluakulu anamusambitsa mankhwala, zovala zimene anabwera nazo tinazitentha. Koma iye ankati fungo la kumsasa wa anthu aja silinamuchoke: utsi, thukuta ndi nyama yowola. Ine sindinkalimva. Ankasamba katatu pa tsiku, ndipo anthu akabwera kudzamuzonda ankathawira kuseri kwa chisakasa. Ndinaona kuti ndikangokhala chete, azolowera kuseriko ndipo sadzakhalanso pagulu la anthu.

Nkhondo isanafike ndinali kalaliki pa esiteti ya tiyi. M'kantina ya pamenepo ankagulitsa paudala wa m'chitini, ndipo ndinamugulirapo kamodzi titangokwatirana. Fungo lake linali lofewa, louma, ngati la maluwa amene agonera m'nsalu yosita. Silinkafika patali, unkalimva munthu akakudutsa pafupi. Ndinakafunafuna paudalayo ku Muloza, tsidya la Malawi, koma ndinangopezako mchere ndi sopo. Ndinaganiza zopanga ndekha.

Ndinasinja makaka a chinangwa, ufa wake n'kuusefa pansalu kawiri mpaka unayamba kuterera m'zala. Povuta panali pa maluwa. Mitengo ya ndimu inali kuseri kwa fakitale ya tiyi imene inatenthedwa, ndipo m'njira zopita kumeneko munali mabomba okwirira. Ndinkadzera mumtsinje, kuponda pamiyala pokhapokha, m'mawa dzuwa lisanafotetse maluwa.

Ulendo woyamba ndinalakwitsa. Ndinasakaniza maluwa ndi ufa m'chitini n'kutseka zolimba, monga tinkatsekera mabokosi a tiyi kuti fungo lisathawe. Ndinaiwala kuti tiyi amamutsekera atauma. Patatha masiku anayi ufa wonse unachita nkhungu. Mlamu wanga, mkulu wake wa mkazi wanga, ananunkhiza n'kulavula.

"Alamu, ngati mumafuna kufulula mowa mukanandiuza ine," anatero. "Ana akudya kamodzi pa tsiku, inu mukuwoletsa ufa?"

"Ndi wochepa, mlamu."

"Sukulu yonse ija mathero ake ndi amenewa? Munthu wandevu kumazungulira maluwa ngati njuchi."

Ndinasinja ufa wina. Tsopano ndinkayala ufa m'lichero, pamwamba pake kansalu kopyapyala, maluwa pakansaluko, n'kuvundikira ndi lichero lina. M'mawa uliwonse ndinkataya maluwa adzulo, kuyanika ufa pamthunzi, n'kulowanso mumtsinje kukatenga atsopano. Ndinayenda maulendo khumi ndi awiri. Tsiku lina ndinapeza mbuzi itakhadzulidwa ndi bomba, pafupi kwambiri ndi pamene ndinkatulukira m'madzi. Ndinafuna potulukira pena, cha kumtunda, ndipo maluwa a tsikulo ndinabwera nawo.

Fungo limene linatuluka silinali la m'chitini lija. Ili linali lopepuka: poyamba ndimu, kenako kafungo kouma, kofunda, konga ka khanda limene langosambitsidwa. Mlamu ananunkhiza nthawi yaitali, ndipo ulendo uno sananyoze.

"Musakamupatse ndinu, akana," anatero. "Amuna simudziwa kupereka chinthu."

Anatapa ufa m'dzanja n'kupita kuseri. Ndinamumva akuti, "Tukula mkono, iwe. Winawo. Usandiyang'ane choncho, ndinakusambitsa uli wakhanda."

Kwa masiku awiri sipanasinthe kanthu. Tsiku lachitatu amayi oyandikana nawo anali pamtondo akukonola chimanga, ndipo ndinaona mkazi wanga akutuluka, khosi lili mbuu. Anaima kaye patali, kenako anasendera n'kulandira munsi kwa mmodzi wa iwo. Wina anamufunsa kumene anagula paudala nthawi ngati ino. Anangoloza kwa ine ndi mlomo, onse n'kuseka, iyenso pang'ono.

Atabwerako anakhala pambali panga pakhomo.

"Fungo lija ndikulimvabe, bambo," anatero, "koma patali. Za mbuzi zija ndamva. Kumtsinje kuja musapitenso."

Ndinavomera. Ufa umene unalipo ankatapa ndi zala ziwiri zokha, ndipo unamufikitsa ku mvula yoyamba. Utatha sanapemphe wina, ndipo pamtondo sanasiye kupita.