Mizere Inayi ya M'mphepete mwa Msewu

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinawotcha chimanga cha munthu wosalakwa, n'kumusiya asenze mlandu wanga mpaka kumanda. Sindinagwire machesi ayi. Ndinagwiritsa ntchito manja angawa, jumbo yakuda ndi feteleza. Zaka zonsezi sindinauze munthu, ngakhale bambo a mwana wanga. Mwezi watha ndinaulula, ndipo kuyambira tsiku limenelo mtima wanga sunakhale pansi. N'chifukwa chake ndikulemba.

Amayi anga anali alangizi a zaulimi. Tinkakhala ku Chinsapo, nthawi imene nyumba zinali zisanadzaze ngati lero. Ukadutsa mpanda womaliza unkangopezeka uli m'minda. M'mamawa amayi ankamanga chitenje pamwamba pa siketi, kuvala jombo, n'kukwera njinga yawo yakuda, kope ndi chingwe atazimangirira pakaliyala. Aliyense ankawaitana kuti Alangizi, ngakhale kutchalitchi. Ine ndinkanyada nazo kwambiri, koma ndinkawaopanso. Sanali omenya. Ukalakwa ankangokuyang'ana, osaphethira, mpaka iwe wekha unkalakalaka akanangokumenya zithe.

Chaka chimenecho anali kuphunzitsa kalabu ina ya alimi kubzala chimanga chimodzichimodzi paphando. Phando ndi kadzenje kobzalamo mbewu, kwa inu amene munakulira m'tauni mokhamokha. Anthu anazolowera kuponyamo mbewu zitatu, ndiye kuwauza kuti imodzi yokha ikwanira kunali ngati kuwanyoza. Kuti awone ndi maso awo, panafunika munda wachitsanzo. Amene anapereka malo anali bambo wina amene ndiwatchule kuti a Mbewe, ngakhale si dzina lawo. Anali ochokera ku Dedza monga ife, mkulu wa mpingo, wamtali, wokonda nthabwala. Munda wawo unali m'mphepete mwa msewu wafumbi umene aliyense ankadutsa popita kuchigayo. Anaugawa pawiri: mbali ina kulima mwachizolowezi, mbali ina monga ankanenera amayi. Kalabu inawasankha kukhala mlimi wotsogolera, ndipo udindowo ankaukonda. Mpaka anagula cholembera chofiira n'kumachikoleka m'thumba la shati.

Loweruka lililonse ndinkapita nawo kumundako. Ntchito yanga inali kugwira chingwe cha mfundo, chimene chinkasonyeza pobzala. Chimanga chitafika m'mawondo, linakwana tsiku lothira feteleza wobereketsa. Amayi anabweretsa timitengo tosongola ndi tizitsekero ta mabotolo. Anawonetsa anthu: kubowola kadzenje patali pang'ono ndi tsinde, kuthiramo kachitsekero kamodzi, n'kukwirira.

A Mbewe anakanyamula kachitsekeroko, kukayang'ana m'mwamba, n'kuseka.

"Alangizi, kameneka n'kodyetsera chimanga kapena n'komwetsera mpheta?"

Anthu anaseka. Amayi sanaseke.

"Kamodzi basi, Abambo. Muyeso ndi muyeso."

"Chabwino, ife ndi ana asukulu," anatero a Mbewe. "Koma ine akazi anga akandipakulira chotere, ndikawasumira kwa ankhoswe."

Akazi awo, Anangozo, anawaponyera chibuma. Feteleza amene anatsala, pafupifupi theka la thumba, anamanga pakamwa n'kumusiya kukhitchini kwa a Mbewe.

Kenako mvula inadula. Sabata yoyamba, yachiwiri, kumwamba kuli mbee. Chimanga chonse chinayamba kupota masamba masana, koma cha mbali ya amayi chinkaoneka chomvetsa chisoni kwambiri, popeza chinaima chokhachokha, pamene cha mbali inayo chinkaoneka chothithikana. Tsiku lina ndikuchokera kuchigayo ndi ufa pamutu, ndinapeza azibambo atatu ataima pamundapo. Sanandizindikire.

"Ndiye ulimi wa m'makope umenewu."

"Munthu wamayi wovala jombo angakuphunzitse kulima iwe? Akanangokhala muofesi."

"Tidikire chionetsero chawocho. Tikaseke bwino."

Chionetserocho chinali tsiku limene akuluakulu a kuntchito kwa amayi ndi alimi a makalabu ena anayenera kubwera kudzawona mundawo. Amayi ankachitchula tsiku lililonse. Ndinafika kunyumba makutu akutentha. Ndinawapeza atakhala pakhonde, akuyang'ana kumwamba, kope lili pamiyendo. Sindinawauze zimene ndinamva.

Lachitatu lotsatira anandituma kwa a Mbewe kukanena kuti msonkhano wa kalabu wasinthidwa. Inali nthawi ya masana, nditaweruka kusukulu. Pakhomopo panalibe munthu. Woyandikana nawo anati apita kumaliro ku Kawale. Ndikubwerera, ndinawona chitseko cha khitchini chili pululu, thumba lija litatsamira khoma.

Ndinene zoona, sindinaganize nthawi yaitali. M'mutu mwanga zinali zophweka: chimanga chaonda, feteleza ndi chakudya chake, ndiye ndichipatse chambiri chinenepe, azibambo aja asowe chonena. Ndinatola jumbo, kudzaza, kumanganso thumba monga ndinalipezera. Kumunda ndinasankha mizere inayi yoyandikira msewu, imene anthu ankaiwona poyamba. Paphando lililonse ndinkathira dzanja lodzaza, patsinde penipeni kuti chisavutike kufunafuna, n'kukwirira ndi phazi. Ndinabwerera kuthumba kawiri. Ndikukumbukira fungo lake loboola mphuno, ndi mmene tizilonda ta m'zala zanga tinkanyerenyetsera. Ndinasamba m'manja pamjigo, n'kupita kwathu ndikudumphadumpha. Ndinkadziwona ngati mngelo wa amayi anga.

Patatha masiku awiri kunagwa kamvula kowaza, kongonyowetsa fumbi, kenako dzuwa linabwerera ndi ukali. Pofika Lachiwiri mizere inayi ija inali itapsa. Masamba anayamba kufiira m'mphepete, kenako kuuma ngati mapepala, mapesi ena n'kugweratu. Chimanga cha mbali yachizolowezi chinali chofota koma chamoyo. Aliyense wopita kuchigayo ankawona.

Amayi anaitanitsa kalabu yonse pamundapo. Ine ndinaima kumbuyo kwa njinga, nditagwira chishalo. Amayi anagwada, kufukula patsinde ndi zala, n'kutulutsa chibuma choyera cha feteleza amene sanasungunuke. Anafukula pena, chimodzimodzi. Anatuma munthu kukatenga thumba lija, ndipo aliyense anawona kuti latsika.

"Abambo Mbewe, thumbali limasungidwa kuti?"

"Kwathu, Alangizi."

"Ndani anati kachitsekero n'kochepa?"

"Ndine, koma zinali zocheza chabe. Amayi, ine sindinakhudze thumba limeneli."

"Ndiye lathira lokha?"

A Mbewe anavula chipewa.

"Alangizi, ine ndimaima kutsogolo kwa mpingo. Ndinganame chifukwa cha chimanga? Munda ndi wanga womwe, ndingauwotche bwanji?"

"Simunafune kuwotcha. Munafuna kundiwonetsa kuti mumadziwa kuposa ine. Mukanangovomera, tikanakonza. Koma bodza ayi. Sindingagwire ntchito ndi munthu amene sindingamukhulupirire."

Pamenepo ndi pamene ndinayenera kulankhula. Ndinayang'ana nkhope ya amayi, maso aja osaphethira, ndipo ndinaganiza za maso amenewo atatembenukira kwa ine pamaso pa anthu onsewo. Ndinangoyang'ana tayala la njinga.

Tsiku lomwelo kalabu inasankha mlimi wotsogolera wina. Chionetsero chinakachitikira kudera lina, kwa mlangizi wina. Amayi anakafotokoza kuntchito kwawo kuti mlimi sanatsatire malangizo, ndipo nkhani inathera pomwepo kwa iwo. Kwa a Mbewe sinathe. M'dera laling'ono mbiri simachedwa. Anthu anayamba kuwatchula kuti a Kachitsekero. Ena ankati anagulitsa fetelezayo, ena ankati mkulu wa mpingo wanama pagulu. Anasiya kupita kukalabu. Cholembera chofiira sindinachiwonenso. Tikakumana panjira ankandipatsabe moni, "Mwana wa Alangizi, sukulu ikuyenda?" ndipo ine ndinkayankha nditayang'ana pansi. Iwo ankayesa ulemu. Amayi ndi a Mbewe ankapemphera tchalitchi chimodzi, koma sanagwiranenso chanza. A Mbewe anamwalira ndili Fomu 3. Kumaliro kwawo ndinapita ndi kwaya, ndipo ndinayimba nawo.

Mwina mukuti ndinali mwana. Nanenso ndakhala ndikudziuza zimenezo. Koma sindinakhale wa zaka khumi ndi chimodzi mpaka kalekale. Ndinakula, ndinapita kukoleji, ndinatenga satifiketi ya zachitukuko cha m'madera, ndinabereka mwana wamkazi, ndili chete. Kukolejiko anatiphunzitsa kuti munthu usamangomuuza chochita, uzimuuzanso chifukwa chake. Tsiku limenelo ndinalira m'kalasi, anzanga n'kumayesa ndadwala. Amayi anatiuza kuti kachitsekero kamodzi, patali ndi tsinde. Palibe amene ananena kuti feteleza wochuluka amawotcha, makamaka nthaka ikauma. Sindikunena izi kuti ndiwakankhire mlandu. Kuwotcha chimanga kunali kusadziwa. Kukhala chete kunali kudziwa.

Chaka chino ndayamba ntchito yophunzitsa magulu a amayi ku Area 23 kulima ndiwo zamasamba kuseri kwa nyumba. Amayi anapuma pantchito, amakhala ku Area 25, ndipo amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Mwezi watha ndinapita kukawawona Lamlungu masana. Tinakhala pamkeka tikusenda mtedza, mwana wanga atagona pamiyendo pawo. Anali okondwa kuti ndatsata mapazi awo, ndiye anayamba kundipatsa malangizo.

"Ntchito imeneyi, mwana wanga, ndi ya kukhulupirirana. Koma usapusitsidwe ndi munthu woseka. Ukuwakumbukira a Mbewe aja? Mpaka kufa osavomera. Munthu wopemphera!"

Ndinayang'ana mwana wanga akupuma mwakachetechete. Ndinadzifunsa kuti kodi iyeyu akadzalakwa adzatha kundiuza, kapena nayenso adzayang'ana pansi. Pakuti ndimadzimva ndekha mmene ndimamukalipira, ndipo ndikudziwa kumene ndinatenga maso amene ndimamuyang'ana nawo.

"Amayi, a Mbewe sananame."

"Ukuti chiyani?"

"Ndinathira ndine. Tsiku limene munandituma, iwo ali kumaliro. Ndinkafuna chimanga chanu chikule."

Manja awo anaima. Ndinadikira maso aja, koma sanabwere. Anayang'ana mtedza m'lichero. Atalankhula, mawu awo anali aang'ono ngati si awo.

"Anavula chipewa, iwe. Anandivulira chipewa pagulu."

Sanandikalipire. Anangofunsa ngati Anangozo adakali ku Chinsapo.

Tinapita Loweruka lotsatira. Amayi anavala chitenje chawo cha kumpingo, ndipo tinakwera minibasi. Munda uja kulibenso, pali nyumba zokhazokha ndi kagolosale. Anangozo tinawapeza pakhonde akusankha nyemba, atakalamba, diso limodzi litachita ng'ala. Amayi anakana mpando. Anagwada pansi, pafumbi, ndi mawondo awo otupa aja. Inenso ndinagwada, n'kufotokoza zonse kuyambira pa jumbo.

Anangozo anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati:

"Ndiye unali iwe, kamwana kogwira chingwe?"

"Eya, Amayi."

"Ukudziwa kuti ngakhale ine sindinawakhulupirire? Ndinkawauza kuti, bambo, ingovomerani, pakamwa panupo ndi pamene pakupalirani. Iwo ankangoti, Nangozo, iwenso?" Anapukuta diso ndi nsonga ya chitenje. "Dzukani, Alangizi, mudzadetsa nsalu. Ine ndakumvani. Koma woyenera kumva uja kulibe."

Anatipatsa madzi akumwa, anatiperekeza mpaka pamsewu. Sanatitukwane, koma sananenenso kuti atikhululukira, ndipo sindikuwadandaula.

Chimene ndamvetsa tsopano n'chakuti mlangizi alibe munda wakewake. Amagwira ntchito ndi munda wa munthu wina ndiponso dzina la munthu wina, ndipo zikalakwika iye amakwera njinga n'kupita, mwini dzina n'kutsala pomwepo ndi anthu amene adzamuike m'manda. Kumagulu anga a ku Area 23, mbewu ikafa sindifunsanso kuti walakwitsa ndani anthu onse ali pomwepo.

Koma nkhani ya amayi anga ndi imene ikundidya. Kuchokera tsiku limenelo akudya pang'ono. Mchemwali wanga amene amakhala nawo akuti magazi akwera kawiri, ndipo amawapeza atangokhala, wailesi ili chizimire. Mchemwaliyo anandiimbira foni n'kundikalipira: "Iwe wapepukidwa, katundu wako wamutula pa nkhalamba. Ukanangofa nazo, chikanavuta n'chiyani?" Kale amayi anali munthu amene analakwiridwa. Lero ndi munthu amene analakwira mnzake, ndipo alibe kokapepesa. Anangozo nawonso ndawapatsa chisoni chatsopano, choti anakayikira mwamuna wawo pachabe. Komabe Lamlungu lapitali ndamva kuti Anangozo anaimirira kumpingo n'kunena pamaso pa onse kuti malemu amuna awo sananame.

Ndiye ndikufunseni inu amene mwawerenga mpaka pano, makamaka amayi anzanga ndi inu amene muli ndi makolo okalamba. Dzina la munthu amene anapita kale layera, koma amayi anga amene ali moyo akufota ndikuwona. Kodi ndinachita bwino kulankhula?