Foni Imene Inalowa M'chikuta

Mwana wanga woyamba, wamkazi, anatenga pakati ali ku Joni, kumene anatsatira mwamuna wake. Kwathu kuno mimba yoyamba sachirira kwa eni. Ikakula, mtsikana amabwerera kwa amake kuti adzamudikirire, adzamusambitse, adzamuonetse kagwiridwe ka khanda. Amayi anga anandichitira zimenezo, ndipo ine ndinkangodikira nthawi yanga. Koma mwanayo anandiimbira pa kafoni kanga ka mabatani n'kunena kuti sabwera. Mapepala ake sanali bwino, akanatuluka sakanaloledwa kubwererako. Anamaliza ndi mawu akuti, "Amayi, ndikuopa." Ndinali m'munda wa mpunga ku sikimu ya Likangala, matope ali m'maondo, ndipo tsiku limenelo sindinapalirenso.

Ndinayesa kubwereka foni ya mnzanga wa kutchalitchi, ija yotchipa yoonetsa zithunzi. Nkhope ya mwana wanga inkaoneka ngati ndikumuonera m'madzi a m'ngalande. Akati atsegule pakamwa, chithunzi chauma. Tisanamalize n'komwe moni, batire latha. Ndinabweza foniyo ndi zikomo wa pakamwa chabe, mumtima nditatsimikiza kale kuti ndikakolola ndigula yeniyeni.

Amuna anga anali ndi maganizo ena. Mpunga wa chaka chimenecho anaulonjeza kale ku malata, poti denga lathu linali la udzu.

"Amayi, mutu ukuyenda bwino?" anatero. "Mvula ikadzabwera mudzafunda foniyo?"

"Ndafunda udzu moyo wanga wonse, sindinafe," ndinawayankha. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwana uja ndinamubereka ndine."

Ine pakamwa sindibwereka, ndipo mundawo ndi wa kwathu, iwo anaupeza. Anangotenga njinga yawo n'kupita kudooko kukadandaulira anzawo.

Nditagulitsa mpunga ndinakwera galimoto wa ku Zomba. Wogulitsa mafoni atandiyang'ana zidendene zong'alukazi anayamba kundiyalira zotchipa. Ndinamuuza kuti ndikufuna yomwe watsekera m'galasiyo, ya nkhope yaikulu, yokhalitsa moto, yomveka mawu ngakhale mphepo ikuomba. Mtengo wake sindiutchula, mungandiseke ngati mmene anandisekera a m'mudzi. Nkhani inafika kumudzi ine ndisanatsike galimoto. Pamjigo ankati, "Abwera aja agula foni yoposa nyumba yawo." Ndinkangowapatsa moni wautali, mtsuko pamutu.

Netiweki kwathu imagwira bwino malo amodzi okha, pamwamba pa chulu chachikulu cha kumalire kwa sikimu, pamene umaona mapiri a ku Chisi ali tonthoo pakati pa nyanja. Asodzi ndi ogula mpunga amakwera pomwepo akafuna kuimba. Inenso ndinaphunzirira pomwepo kudina, kuphonya, kudinanso, mpaka chala chinazolowera.

Nyengo yozizira itafika mkamwini anaimba kuti zatheka, mwana wamwamuna, ndipo atuluka m'chipatala. Ndinavina ndekha pabwalo. Kenako tinauyamba wa ku chulu, ine, amuna anga, ndi achemwali anga aakulu, amene ndi amasiye komanso alangizi a atsikana m'mudzi mwathu. Titafika patsinde pa chulu achemwali anaima n'kutambasula mkono.

"Alamu, mukupita kuti?"

"Kukaona mdzukulu wanga."

"Mwamuna amalowa m'chikuta? Mchombo wagwa?"

Chikuta ndi masiku aja mayi ndi khanda amabindikira m'nyumba mpaka mchombo utagwa, ndipo amuna saponda pakhomo. Amuna anga anaseka.

"Chikutatu chili ku Joni, alamu. Iyi ndi foni."

"Mukamuona khandayo ndiye kuti mwalowa," anatero achemwali. "Bwererani."

Ndinaluma milomo kuti ndisaseke. Munthu amene ankati foni ndi chibwana anabwerera akucheukacheuka, manja kumbuyo.

Kuyambira pamenepo foni inasanduka chikuta. Achemwali anaikulunga m'chitenje chochapa n'kumakagona nayo kwawo, kuti isakhudzidwe ndi aliyense. Kukaitchaja kwa mwini sola ankapita okha, n'kukhala pompo kuiyang'anira. Pa chulu tinazika nsungwi, tinapachika zitenje ndi mphasa kuzungulira. Asodzi akabwera ndi mafoni awo, achemwali ankawabweza ndi dzanja. Ena ankang'ung'udza kuti chulu n'cha aliyense, koma akamva kuti muli khanda ankavula chipewa n'kukadikira pamlatho. Ngakhale mkamwini ku Joni komweko sanapulumuke. Chipinda chawo n'chimodzi, ndiye achemwali anamulamula pafoni kuti amange chingwe apachike bulangete, iye azigona mbali inayo, chakudya azipatsira pansi pake.

Mwana wanga kusambitsa khanda ndinamuphunzitsira pa dzungu. Ndinasankha lalitali, n'kuliika pamkono, n'kumuonetsa pogwira khosi, poyesa madzi ndi chigongono, popinda thewera kuti mchombo ukamagwa usagwere pamaliseche, poti akuluakulu amati mwana wotero sadzabereka. Iye anatsamiritsa foni yake pa ndowa, ine ndikuona chilichonse, ngakhale tsitsi la khandalo lonyowa ndi madzi.

Tsiku lina m'mawa nditaimba ndinapeza mayi ndi khanda onse akulira. Khanda linali litakana bere. Mabere atatupa, mayi wake maso atafiira, mawu atasasa.

"Amayi, mwanayu andifera m'manja. Ine sindingathe."

Ndikanakhala pafupi ndikanangomulanda mwanayo, koma pakati pathu panali maiko. Ndinamuuza kuti asendeze foni pafupi, amuikenso kubere ndione. Pagalasi lalikulu lija ndinaona bwinobwino kuti kakamwa kakungoluma kunsonga, ndipo mayi wake akuwerama ndi mantha m'malo momukokera mwana kwa iye. Kufotokoza ndi pakamwa kunakanika. Ndinamasula bulauzi pachulu pomwepo, mkati mwa zitenje zathu, n'kutulutsa bere langa lofwapali, dzungu lija pamkono. Achemwali anagwira foni.

"Ona kuno, mwana wanga. Ufinye kaye pang'ono lifewe. Mimba yake igunde yako. Dikira ayasamule, ndiye umulowetse lonse lakudali."

Anayesa, zinakanika. Anayesanso. Dzuwa linakwera, mthunzi wa zitenje unatithawa, asodzi pamlatho anatopa n'kumapita. Foni ija inali gwa, osazima, osauma. Kenako kulira kunaleka. M'foni munamveka kaphokoso kakang'ono, kakhosi kakumeza. Achemwali, munthu wouma mtima amene sanalire ngakhale pamaliro a amuna awo, anapukuta maso ndi nsonga ya mpango. Ine ndinalira mokweza, bere lili pamtunda, ndipo sindinachite manyazi.

Anthu amandifunsabe ngati foni yodula chonchi ndi yoyenera munthu wa kumudzi. Sindidziwa za ena. Wofuna yongoimbira ogula mpunga, ka mabatani kamukwanira. Ine ndinkafuna maso ndi makutu ofika ku Joni, ndipo ndinawapeza.

Mchombo unagwa bwino, pambali. Tinauza mwana wanga kuti aukulunge m'kansalu, udzakwiriridwe kwathu kuno akadzabwera. Tsiku lotuluka m'chikuta amayi a m'mudzi anadzaza chulu, ena mwa iwo omwe aja a pamjigo, akukankhana kuti aone. Tinagwetsa zitenje. Mwana wanga anatsegula chitseko cha chipinda chake, khanda lili m'manja, n'kutuluka nalo padzuwa. Nthungululu zinamveka mpaka kudooko.

Apo m'pamene achemwali anaitana alamu awo. Anabwera atavala jekete la kutchalitchi. Anayamba atsikira kungalande kukasamba m'manja, n'kulandira foni ndi manja awiri, chigongono atachipinda ngati akuopa kuti khosi ligwa. Anamuyang'ana mdzukulu wawo nthawi yaitali. Kenako anapisa m'thumba, poti khanda saliona chimanjamanja, n'kusowa poika ndalamayo. Anaitsomeka kuseri kwa chikuto cha foni. Amayi onse anagwa nacho chiseko, iwo osamva n'komwe, akungoti, "Mphuno iyi ndi yanga iyi."

Foni itabwerera kwa ine, mwana wanga anali akuseka, masaya atanyowa.

"Amayi, mayi wa chipinda chinachi wandiimitsa pakhomo. Akuti masiku onsewa wakhala akumva mawu anu kukhoma, mukundikalipira, mukuimbira mwana. Akufunsa kuti munabwera liti, ndipo bwanji simunatuluke kudzamupatsa moni."

"Ndiye wamuyankha chiyani?"

"Ndamuuza kuti munali m'chikuta."