Thabwa la Wometa wa ku Ndirande

Ndinkalemba zikwangwani ku Ndirande, ndipo pa zilembo panalibe wondiposa. Nkhope ndiye zinkandikana. Ofuna nkhope onse ankapita kwa mkulu wina wa ku Mbayani, ndipo dzina lake linkandiwawa m'makutu.

Tsiku lina wometa tsitsi wa pafupi ndi msika anandipatsa thabwa lake lakale kuti ndifufute, ndijambulepo mutu watsopano. Mutu umene unalipo anajambula ndi mkulu uja. Ndinakhala nalo thabwalo masiku atatu, ndikungoliyang'ana. Ndinaona kuti pansi pa chibwano ndi m'mbali mwa mphuno ankapakamo penti wabuluu. Ine ndinkapaka wakuda, n'chifukwa chake nkhope zanga zinkaoneka ngati zopserera. Zinandipweteka kuti kanthu kakang'ono chonchi anakadziwa ndi iye, osati ine.

Kufufuta ndinalephera. Ndinatembenuza thabwalo, kumbuyo kwake n'kujambula mutu wina, ndi buluu yemweyo.

Wometa uja anayang'ana mbali zonse ziwiri. "Mwayesetsa, achimwene," anatero. Kenako analikhomera pamalo pake, mutu wakale uja ukuyang'ana kumsewu. Mutu wojambula inewo anaulozetsa kukhoma. Sindinakametetsenso kwa iye.