Ovolosi ya Atate Itasiya Kuda

Ndikukumbukira kuti chimene chinayamba kuwaulula atate ndi ovolosi yawo. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, tikukhala ku Chimwemwe mu Kitwe, ndipo Loweruka lililonse ndinkachapa ndi amayi. Atate ankawotcherera zitsulo ku mgodi, moti ovolosi yawo ukangoiviika madzi ankada bii. Koma mwezi wina madzi anayamba kutsala oyera ngati tachapamo kansalu ka paguwa.

Amayi anainunkhiza ovolosiyo n'kundiyang'ana. "Iwe Misozi, mgodi anayamba liti kuukolopa?"

Zokayikitsa zinalipo kale. Atate anali atagula foni yaikulu ija yoyendetsa ndi chala, ndipo chiigulireni sankaisiya ngakhale popita kubafa. Ankadya timawaya tili m'makutu. Ikalira ankathawira nayo kuseri kwa nyumba. Ku Misa anayamba kujomba, ndipo a mphakati, umene kuno timati chitente, akabwera kudzapemphera pakhomo pathu, iwo mutu unkayamba kuwawa pomwepo. Chonsecho anali munthu wotsogolera korona mokweza mpaka oyandikana nafe kudandaula!

Amayi sanafunenso umboni wina. Kwa iwo panali mkazi basi, ndipo anali atamupangira kale nkhope: wa ku Ndola, woyera, wamawigi. Nditawaona akutsitsa sutikesi pamwamba pa wadiropu n'kumafunsa za basi ya ku Chipata, ndinadziwa kuti akuganiza zobwerera kwawo. Ndinkaopa kuti banja lathu likutha ndikuona.

Sukulu zitatseka, amayi anandituma. "Uwatsatire atate ako. Ukaone kumene amapita, koma asakuone."

Atate sanakwere minibasi. Anayenda wapansi mpaka ku Kamitondo, nakakhala pa njerwa pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa bwalo la mpira. Ine ndinabisala pa kantemba kogulitsa tomato, kudikira mkazi uja. Mayi aliyense wodutsa ndinkamuyang'ana ndi diso lofiira, ngakhale wonyamula makala. Palibe amene anaima.

Kenaka atate anachotsa timawaya, naika chikhatho pa foni, natsinzina. Ndinasendera pafupi. M'fonimo munkatuluka mawu aamuna a mlaliki wina, osasa ndi kukuwa: "Ika dzanja lako pamenepo! Ntchito yako ikubwera! Usauze munthu, chifukwa mdani wako ali m'nyumba mwako momwemo!"

"Ndalandira," ankatero atate, misozi ikutsika. "Ndalandira."

Atatsegula maso anandipeza nditaima patsogolo pawo.

"Wakutuma ndani?"

"Amayi."

Anayang'ana foni ija n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene ulosi wake wakwaniritsidwa. Mpaka lero kugwedeza kumeneko kumandiwawa. Amayi ankawakayikira atate chifukwa cha foni, pamene foniyo inali itawaphunzitsa atate kukayikira amayi. Ndinangoti, "Akulongedza sutikesi," ndipo ndinayamba kulira.

Tinabwerera kunyumba. Atate anakhala pa mpando naulula kuti ku mgodi anawachotsa ntchito kalekale pamodzi ndi anzawo, ndipo anachita manyazi kunena.

"Atate ake Misozi," anatero amayi, "mwakauza munthu wosadziwa ndi dzina lanu lomwe, ine amene tinalumbira limodzi paguwa mwandiyesa mfiti? Bola akanakhala mkazi, ndikanadziwa khomo lokalalatira."

Lamulungu masana amayi anawatengera atate ku chitente, foni itatsala pa tebulo. Itafika nthawi yopereka zopempherera, amayi anawagunda ndi chigongono, ndipo atate ananena vuto lawo maso ali pansi. A Zulu, amene ankakonza mageti achitsulo mu msewu wathu womwewo, anaomba m'manja modabwa.

"Awe, ba Tembo! Mwezi wathawu ndimafuna wowotcherera. Ndinakuganizirani, koma ndinati munthu wa ku mgodi sangabwere ku tinchito tanga. Ndinatenga wina. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, mwandi."

Mwayi unali utadutsa pakhomo pa atate iwo ali pansi pa mango, chikhatho chili pa galasi. Panapita nthawi yaitali a Zulu asanawapezere maganyu, ndipo m'masiku amenewo tinkadya zimene azimayi a chitente ankabwera nazo mosinthana. Sutikesi ija inakhalabe pafupi ndi chitseko. Amayi anaibwezera pa wadiropu tsiku limene ovolosi inadetsanso madzi.

Lero ndili pabanja, ndipo foni yanga ili ndi Baibulo ndi maulaliki ambirimbiri. Sindiida ayi, koma ndimaikayikira. Mawu alionse ondiuza kuti ndipemphere n'kubisira anthu anga, ndimawazimitsa asanathe. Ndinazindikira kuti yankho la pemphero la atate linkakhala mu msewu wathu womwewo, ndipo linkangodikira kuti atsegule pakamwa.