Chiwongolero cha Vaneti ya Malemu

Mwamuna wanga atamwalira anandisiyira ana atatu, nyumba ya zipinda ziwiri ku Kanyama mu Lusaka ndi vaneti yoyera yonyamulira katundu, yokalamba ndithu. Ine kuyendetsa sindinkadziwa. Achibale anagwirizana kuti mng'ono wa malemu, mlamu wanga, ndiye aziyendetsa, kunyamulira anthu mabuloko ndi mchenga, ife tizidyerapo.

Miyezi yoyamba zinkayenda. Mvula itangosiya, mlamu anabwera ndi nkhani ina.

"Bamulamu, motoka iyi yasila," anatero ataima pakhomo. "Stelingi siimvela, iyenda monga chakolwa. Izatipaya. Tigulise chabe, nili na munthu afuna kugula."

Chimene chinandikhala pamtima si chiwongolero ayi, koma wogulayo. Anapezeka liti? Galimoto yoti ipha anthu, iye akuifunira chiyani? M'mawa mwake ndinavala chitenje changa n'kukakhala kutsogolo kwa vanetiyo, pafupi ndi mlamu.

Kudandaula kwake sikunali kwabodza. Ankati akapotoza chiwongolero, galimoto osamva, kenako n'kudzidzimukira kumbali ngati yakumbukira mochedwa. Tikadutsa pa dzenje, thupi lonse la galimoto linkapendekera uku ndi uku kwa nthawi yaitali lisanakhazikike. Komabe maso anga anali pa manja ake, kuona ngati sakuchita dala.

"Tiyeni kuli munzanga makaniko ku komboni ya George, azamiuzani yeka," anatero.

"Ayi, tipite ku Chawama," ndinatero ine.

Ku Chawama kunali makaniko wachikulire, Msilamu amene makolo ake anachokera ku Malawi. Malemu ankapita kwa iyeyo. Mlamu anakwinya nkhope, koma anakhotetsa.

Tinapeza mkuluyo akutsuka manja mu chigubu chodulidwa. Anandipepesa maliro, kenako anamvetsera mlamu akufotokoza mpaka kumaliza. Sanatsutse chilichonse. Anayala katoni pansi n'kulowa kunsi kwa galimoto.

"Amayi, kwerani inuyo," anatero ali kunsiko. "Gwirani chiwongolero, muzichigwedeza pang'onopang'ono, uku ndi uku. Musaleke."

Kanali koyamba kuchigwira. Chinkayenda chokha mtunda wa chikhatho chonse matayala asanagwedezeke. Pansi pankamveka kaphokoso, ko, ko, ko.

Atatuluka anakweza kutsogolo ndi jeke, n'kugwira tayala m'mbali ndi manja awiri. Linagwedera ngati dzino lofuna kuguluka. Anandiitana kuti ndiwerame ndione ndekha chitsulo chimene chimakankha tayala likamakhota. Kumapeto kwake mphira unali utang'ambika, m'malo mwa girisi muli matope ouma.

"Iyi ndi tayirodi. Yadyedwa ndi madzi a ku Kanyama kwanuko. Apa palibe dzanja la munthu."

Anapita kumbuyo, natsamira pa ngodya ya galimoto ndi thupi lonse n'kuisiya. Inadumphadumpha kanayi konse. Anandionetsa zitsulo zimene zimaletsa kudumphako, zonse ziwiri zitanyowa mafuta akuda. Nazonso anati ndi ukalamba. Mlamu anandiyang'ana ngati akuti mwaona, ndipo ine manyazi anayamba kundigwira.

Koma mkuluyo anali asanamalize. Anatsegula boneti, n'kuweramira pa kabokosi kachitsulo kamene ndodo ya chiwongolero imalowamo. Paliponse panali fumbi losakanizika ndi mafuta, kupatula nati imodzi ya pamwamba. Iyo inkawala, m'mbali mwake muli zipsera zatsopano za sipanala.

"Wagwira apa ndani?"

Mlamu anakanda m'mutu. "Ni ine. Nenze kuyesa kumanga kuti stelingi ikose."

"Munamanga kapena munamasula?" ndinafunsa.

"Bamulamu, mwayamba kuniganizila voipa? Motoka ya mukulu wanga?"

Ndinatembenukira kwa makaniko kuti atiweruze. Iye anapukuta manja mosafulumira.

"Amayi, nati ndi yomasuka, chimenecho ndikuchiona. Koma munthu wosadziwa amathanso kumasula akuganiza kuti akumanga. Sipanala silemba dzina. Chimene ndingakuuzeni n'chakuti galimoto iyi sinathe. Injini yake ikadali ndi moyo."

Vanetiyo inagona komweko masiku awiri. Ndinagulitsa wailesi ya malemu kuti tigule zitsulo, ndipo kokagulako ndinapita ndekha ndi zakalezo m'thumba, kuti asandipatse zina. Tsiku lokaitenga inayenda mowongoka kuchokera ku Chawama mpaka pakhomo.

Apongozi atamva anandikalipira kuti ndanyozetsa mwana wawo pamaso pa mlendo. Ndinagwada n'kupepesa, poti ndiwo akulu. Koma mumtima sindinapepese, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndinamulakwira munthuyo kapena ndinamugwira.

Mlamu anayendetsabe chaka china chathunthu. Tinkapatsana moni, maliro tinkakhalira limodzi, koma makiyi ankagona kwa ine. Loweruka lililonse masana ndinkapita ku bwalo la mpira, kumene mayi wina wa ku tchalitchi, woyendetsa minibasi, ankandiphunzitsa magiya. Nditatenga laisensi, mlamu anapeza ntchito ya ulonda ku Bauleni, ndipo ulendo wanga woyamba ndinanyamula mabuloko kupita nawo ku Matero, ana onse atatu atapanikizana kutsogolo.