Zosesa za M'lole

Amuna anga anali dalaivala wa lole, ndipo chaka cha njala chija dalaivala ankalemekezeka kuposa mphunzitsi. Ndikunena njala ija mvula inadula chimanga chitangomasula ngayaye, ife a ku Utale tikuwiritsa mango aawisi, ana n'kumamwa madzi ake ngati tiyi. Loleyo inali ya bwana wina wa ku Liwonde. Ntchito yawo inali kukatenga chimanga ndi makaka a chinangwa ku Chikweo, zimene anthu ankabwera nazo pa njinga kuchokera kumalire, n'kukatsitsa ku Balaka.

Malipiro ake sanali oti munthu n'kuwakamba pagulu. Chimene chinkatisunga chinali zosesa. Matumba a chaka chimenecho anali otha ntchito, osokasoka, ndiye akamaliza kutsitsa katundu m'lole munkatsala chimanga chotayika, chosakanikirana ndi fumbi ndi zidutswa za makaka. Pakati pa madalaivala zinkadziwika kuti zimenezo ndi za woyendetsa, ndipo bwana sankazifunsa. Amuna anga ankayenda ndi tsache kuseri kwa mpando. Tsiku labwino zinkakwana theka la ndowa. Ine ndinkapeta, kutsuka, kuyanika, n'kupita nazo kuchigayo khosi lili gwa, anzanga akundiyang'ana.

Koma zosesazo sizinali zanga ndekha, ndipo apa mpamene mtima umandiwawabe mpaka lero. Bambowa anali atakwatiranso mkazi wina ku Chikweo komweko. Ine wa ana atatu, ine amene ndinawalandira pakwathu ali ndi malaya awiri okha, ndinadzangouzidwa ndi ankhoswe kuti ndili ndi mnzanga. Mnzanga! Ndinamupempha ndani? Sindinali nditamuonapo, koma m'mutu mwanga ndinali nditamujambula kale: woyera, wonenepa, wa mano a mpata, wodziwa kuseka pamene mwamuna wanena zosaseketsa.

Ankhoswe anagamula kuti azisinthasintha, ulendo uno kwa ine, ulendo winawo kwa iye. Kumene agona, zosesa zatsikira komweko. Akatsitsa katundu ku Balaka masana, ankabwerera ndi msewu wa ku Liwonde. Panjirapo pali mphambano yolowera kwathu. Akakhota pamenepo ndiye kuti ana anga adya masiku anayi. Akapitirira ndiye kuti adya ndi a ku Chikweo. Moyo wanga wonse chaka chimenecho unali pa mphambano imeneyo, ine ndisakuiona n'komwe.

Foni anandigulira okha, yakale, yomanga ndi mphira kuti batire lisagwe. Anati ndi yoti ndiziwadziwitsa mwana akadwala. Ine ndinaisandutsa maso anga. Kwathu netiweki inkagwira pachulu cha kuseri kwa khola la mbuzi, ndiye dzuwa likangopendeka ndinkakwera pamenepo ngati mbuzi yomwe. Ndikuvomera, nkhuku yanga yomaliza ndinaigulitsa kuti ndigule mayunitsi ndi kutchajitsa foni kugolosale. Mayi anga atamva anagwira pakamwa. "Iwe, ana akugona ndi njala, ukudyetsa foni?" Ndinawayankha mwano umene sindingaubwereze pano.

Bambo a anawa anandipempha kangapo. "Amayi, musamandiimbire ndili pa chiwongolero. Msewu uja wadzaza anthu, njinga za makala, ana otola chimanga. Lole si wilibala. Ndikaima ndiziimba ndekha."

Mawu abwinobwino, eti? Ine ndinamva zina. Ndinamva kuti pampando wakutsogolo pamakhala munthu amene sakufuna kuti amve mawu anga. Tsiku lina foni inaitana mpaka kuduka, osayankha. Atafika anapeza chikwama chawo cha zovala chili pakhonde, nsapato pamwamba pake. Paja kwathu mwamuna ndi mkamwini, mudzi ndi wa mkazi, ndipo chikwama chikatuluka panja aliyense amadziwa tanthauzo lake. Anachita kupepesa atagwada pamaso pa amalume anga, bambo wamkulu ndi ndevu zake. Kuyambira tsiku limenelo foni yanga ankaiyankha isanaitane kawiri, kaya ali pa mlatho, kaya akupitirira galimoto ina. Ine ndinkanyadira kuti ndawaphunzitsa.

Tsiku limene ndikufuna kukambali linali langa. Ulendo wapitawo anagona ku Chikweo, winawonso ku Chikweo, ati khanda la mnzangayo linkatsegula m'mimba. Ine ndinati chabwino, koma mtima ukutentha. M'nyumba munalibe kanthu. Mwana wanga wamng'ono anali atayamba kutupa mapazi, ndipo m'mawa umenewo ndinamupeza akunyambita lichero.

Ndinakwera pachulu dzuwa likuswa mtengo. Ndinaimba, foni inati akulankhula ndi wina. Ndinadikira pang'ono, ndinaimbanso, chimodzimodzi. Kachitatu, chimodzimodzi. Aaa, ndinamva thupi lonse kuyabwa. Ndani wina angalankhule nawo nthawi yonseyi? Ndinkachita kumuona mkazi uja akuwanyengerera ndi timawu ta Chiyao timene ine sindimva. Kachinayi inalowa, ndipo anayankha nthawi yomweyo. Ndinkamva injini ikulira ndi mabhodi a lole akugwedera.

"Muli pati?"

"Ndili pamsewu, amayi. Ndikuimbirani ndikaima."

"Ndati muli pati?"

"Ndangodutsa pamphambano, koma tamverani..."

"Mwadutsa? Mwadutsa! Ndiye ana angawa adye chiyani, dothi? Wakudyetsani chiyani mkazi ameneyo? Lero ndi tsiku la ndani? Ndiyankheni!"

"Amayi, dikirani kaye, kutsogoloku kuli..."

"Sindidikira! Mukadula foniyi musadzapondenso pakhomo pano!"

Sanadule. Ndi chimene chimandipweteka kwambiri, sanadule. Ndinamva akukuwa kuti "Mayo!", hutala, kenako chiphokoso ngati mphepo ikusasula malata padenga. Kenako zii. Foni inali idakali yoyaka. Ndinamva mapazi a anthu akuthamanga, mayi wina akulira, mwamuna wina akuti, "Gwirani uku, mwendo wapanikizika!" Ine ndili pachulu ndikungoti halo, halo, bambo a ana, halo. Mayunitsi anathera pomwepo.

Mlongo wanga ananditenga pa njinga mpaka kumsewu wa tala. Tinapeza lole itagona chammbali m'ngalande, patsogolo pang'ono pa mphambano. Amuna anga anali atawatengera kale kuchipatala cha ku Liwonde. Anthu anatiuza kuti wa njinga ya makala anatulukira kuseri kwa minibasi yoima, ndipo dalaivala anamuona mochedwa chifukwa dzanja limodzi linali kukhutu. Anakhotetsa ndi dzanja limodzilo, lole n'kuwakana. Wa makalayo anapulumuka, njinga yake ndiyo inaphwanyika. Thumba la zosesa linali litang'ambika, ndipo amayi ndi ana anali atagwada m'udzu kutola chimanga chimodzichimodzi. Ine ndinaima n'kumaonerera anthu osawadziwa akutola chakudya cha ana anga, ndipo ndinalibe mphamvu yowaletsa.

Kuchipatala anati mwendo wathyoka pawiri, ndipo dzanja lamanja laphwanyika zala. Ndinagona pansi pa bedi lawo. Sanandikalipire, sanandifunse kanthu, ankangobuula.

M'mawa mwake ndi pamene anafika mkazi wa ku Chikweo. Ndinamuzindikira chifukwa analowa ndi amalume a amuna anga. Ha, koma mutu wa munthu umanama! Kanali kamtsikana kakuda, koonda, ka zigamba pa chitenje, khanda lili kumsana. Miyezi yonseyi ndinkasowa tulo chifukwa cha ameneyu? Koma musaganize kuti nsanje inatha. Inangosintha malo. Nditaona mmene bambowa anatsegulira maso atamva mawu ake, ndinalakalaka akanakhala wokongola, bola ndikanadziwa chimene chinandiposa.

Anagwada patsogolo panga n'kuyamba kulira. "Achemwali, ndikhululukireni. Ndine ndawapweteka bambowa. Ndinawaimbira ali pamsewu, ndinkawauza za mwanayu. Anandiuza kuti akuyendetsa koma ine sindinamve. Ndine, achemwali."

Mukudziwa chimene ndinamva mumtima? Si chisoni iyayi. Ndinapsa mtima. Ndinafuna kumukoka chitenje n'kumuuza kuti iwe usadzitame, mawu omaliza amene anamva lole isanagwe anali anga, anayankha ine, anaopa kudula foni ya ine. Tangoganizani, kulimbirana ngozi! Ngakhale mlandu womwe sindinafune kuti ukhale wake. Koma amalume awo anali ataima pomwepo, ndipo ndinachita mantha. Ndinangoti, "Dzukani, zachitika basi." Ndinamusiya mtsikana uja asenze katundu wanga, ndipo anamusenzadi.

Iye atatuluka kukayamwitsa, amuna anga anandikodola ndi dzanja labwinolo. Anayankhula motsitsa, osandiyang'ana.

"Dzulo ndinkabwera kwanu. Mphambano ndinaidutsa osaiona, ndili pa foni ndi mnzanuyu. Pamene munkaimba ndinkafuna malo otembenukira."

Ndinakhala pansi. Iwo anatembenukira kukhoma, ndipo nkhani imeneyi sitinaikambenso. Kwa apolisi ndi kwa bwana wawo anangoti ankazemba njinga. Dzina langa silinatuluke pakamwa pawo.

Bwanayo anabwera kamodzi, atanyamula mabanzi ndi botolo la sobo. Sabata isanathe lole inali itakonzedwa, ikuyenda ndi dalaivala wina. Ndinaiona ndi maso angawa ikudutsa pa Liwonde, ndipo ndinadziwa kuti tsache lija tsopano likusesera nyumba ina.

Tsiku lowatulutsa, mwendo uli m'chikhakha, ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi pa mtengo panja pa chipatala. Ana nawonso analipo, mayi anga anabwera nawo kudzaona bambo awo. Nkhani inali yoti wodwalayu akamusamalire kuti. Ine ndinalumpha msanga. Ndinati ine ndine wamkulu, mwamuna akadwala amapita kunyumba yaikulu, zimenezi sizofunsa. Amalume awo anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa mofatsa.

"Zoona, mayi, ulemu ndi wanu. Nanga mukawadyetsa chiyani?"

Ndinayang'ana mlongo wanga, iye anayang'ana pansi. Kwathu kunalibe ngakhale madeya. Kwawo kwa mtsikanayo kunali kamunda ka chinangwa kudambo, ndipo abale ake ankapha timatemba ku nyanja ya Chiuta. Aliyense pamenepo ankadziwa zimenezi. Ndinayesa kunena kuti ndikagwira ganyu, koma mawu anga omwe anandichititsa manyazi, chifukwa ganyu ankalembanso ndani chaka chimenecho?

Ndiye mtsikana uja anatsegula pakamwa, maso ali pansi. "Achemwali, ngati simukana, ana abwere nawonso. Wamng'onoyo ndamuona mapazi. Chinangwa chilipo, tigawana."

Ndikanakonda akanandituka. Chipongwe ndikanadziwa kuchibweza, koma ichi ndikanachibweza bwanji? Ndinamuda tsiku limenelo kuposa masiku onse, ndipo ndinavomera, chifukwa mwana wanga akanafa.

Ndinawakweza ndekha pa matola pa Liwonde. Ndinagwira amuna anga m'khwapa, mlongo wanga atagwira mwendo wa chikhakhawo, mpaka tinawakhazika pa thumba. Kenako ndinakweza ana mmodzimmodzi. Ndinkayembekeza kuti alira, andikakamira chitenje. Iyayi. Mayi wawo watsopanoyo anali atawapatsa kale chinangwa chophika chimene anamanga pakansalu, ndipo galimoto ikunyamuka onse atatu anali otanganidwa ndi kutafuna. Wamkulu yekha ndiye anakweza dzanja.

Ndinabwerera ku Utale ndekha. Miyezi imeneyo ndinadya zimene ndinadya, sindikufuna kuzikumbuka. Chimanga chatsopano chitacha, amalume a amuna anga aja anandibweretsera ana anga onse atatu, amoyo, onenepa, akutukwanizana m'Chiyao. Ndinasuzumira kumbuyo kwawo kunjira, n'kufunsa kuti nanga bambo awo ali kuti. Anati dzanja lija silinagwirenso chiwongolero, ndiye akuthandiza apongozi awo kusoka maukonde, ndipo anena kuti ndiwapatse moni anthu onse a pakhomo.